Artisan ndi bricklayer, kodi ndi chinthu chimodzi?

Mayi ena a ku Rosettenville andilembera kuti mwana wawo anaphunzira zomangamanga kumudzi, ali ndi pepala la TEVETA, wabwera kuno ku Joni ndipo pa CV analemba kuti ndi artisan koma palibe kampani ikumuyimbira. Akufunsa ngati artisan ndi bricklayer, womanga ndi njerwa uja, si zimodzi.

Mayi, si zimodzi ayi. Taganizani za ndiwo. Usipa ndi ndiwo, nyemba ndi ndiwo, bonongwe nayenso ndi ndiwo, koma mukatuma mwana kumsika kuti kagule ndiwo akufunsani kuti zanji. Artisan ndi ngati mawu athu aja oti mmisiri, ndi dengu lalikulu, mkatimo muli bricklayer, wopaka pulasitala, pulamba, kalipentala, wowotcherera, wamagetsi, onsewo. Folomani pa saiti akamasaka munthu amakhala akusowa dzanja limodzi lenileni, mwina ali ndi khoma la face brick loti silidzapakidwa pulasitala ndiye mzere uliwonse wa matope uzioneka poyera, ndiye akaona CV yongoti artisan sadziwa ngati mnyamatayo amagwira chipande kapena mawaya, amangoyiika pambali nkutenga ina. Zimandiwawa chifukwa ana ambiri otere ntchito amaidziwa bwino.

Chinanso, kuno mawu oti artisan ndi olemera kuposa mmisiri wakwathu. Pa ma advert nthawi zambiri amatanthauza munthu woti anakhoza trade test ya kuno, satifiketi ija anthu amati Red Seal, imene imatuluka ku QCTO, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zaluso. Ndipo mayesowo sakhala a u-artisan wamba, umayesedwa pa trade imodzi basi, kumalo oyesera ngati INDLELA ku Olifantsfontein. Ukadzitcha artisan ulibe pepalalo, akakufunsa pa intaviyu umaoneka ngati wanama pomwe sunafune kunama.

Ndiye alembe bricklayer pamwamba penipeni, pansi atchule zimene manja ake anagwirapo, kuyala faundeshoni, face brick, mabuloko a simenti, kuwerenga pulani, ndi zithunzi za makoma ake azikhala nazo mu foni. Pepala la TEVETA lija alipititse ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, alione kuti likufanana ndi levulo iti kuno. Ngati wagwira kale zaka zingapo pa saiti akafunse ku CETA, bungwe loona za maphunziro a zomangamanga, za ARPL, njira yofikira trade test kwa amene luso ali nalo kale. Koma ayambe waona pasipoti ndi permit kuti zili bwino, chifukwa kampani yolongosoka iyamba yafunsa zimenezo.