Mwana akufuna kulemba risechi ya federalism, bambo ake akukana

Mayi ena andilembera kuti mtsikana wawo ali chaka chomaliza ku yunivesite, akuphunzira zandale ndi kayendetsedwe ka boma, ndiye wasankha kulemba risechi ya federalism. Bambo ake akuti zimenezo ndi zogawanitsa dziko ndipo ntchito sadzaiona.

Mayi, bambowo ndikuwamvetsa. Akulu athu akamva mawu amenewa amakumbuka chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, chomwe anatikakamiza azungu ndipo anthu anafa pochikana mu 1959. Koma chomwe mwana wanu akuphunzira ndi funso lakuti mphamvu ndi ndalama zigawidwe bwanji pakati pa boma lalikulu ndi maboma ang'onoang'ono. Akatswiri a zandale amasiyana maganizo pa funsoli. K.C. Wheare ankati boma lililonse likhale ndi gawo lake lolembedwa m'malamulo aakulu, linzake lisalowelere. William Riker anati ayi, nkhani yeniyeni ndi mgwirizano wa andale omwe aliyense akuona phindu lake. Ine ndimakonda maganizo a Alfred Stepan akuti maiko ena ngati America anabwera pamodzi, pomwe ena ngati India ndi Belgium anagawa mphamvu ndicholinga choti asapasuke, mwina bambo akamva zimenezi mtima ukhala pansi.

Langizo langa kwa mtsikanayo ndilakuti asalembe zongouluka m'mwamba, atsate ndalama. Ku Nigeria kuli zigawo zotchedwa ma state 36 ndi maboma aang'ono 774, koma ma gavanala a ma state ankagwira ndalama za maboma aang'onowa mpaka khothi lalikulu mu 2024 linalamula kuti zizipita kwa eni ake. Ku Kenya malamulo a 2010 anakhazikitsa maboma otchedwa ma county 47 ndikulamula kuti azilandira zosachepera 15 peresenti ya ndalama zomwe boma lalikulu latolera. Kwathu kuno si federal ayi, koma tili ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, mphamvu ku anthu ija, ndiye makhansala anasankhidwa mu 2000 kenako tinakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014. Mutu wa risechi ndi umenewotu! Apite ku khonsolo ya kwanu, akhale pabenchi paja podikira a DC, apemphe kuona bajeti, afunse kuti ndalama zochokera ku Lilongwe zinafika mwezi uti ndipo za chiphaso cha mumsika amatolera zingati, azilemba mukope.

Za ntchito sindikunamizani kuti ikumudikira pakhomo, zinthu zavuta kwa aliyense. Koma makhonsolo, unduna wa maboma aang'ono, National Local Government Finance Committee ndi mabungwe ogwira ntchito m'maboma amafuna munthu wodziwa kuwerenga bajeti osati wongoloweza mayina a azungu aja. Aphunzire Excel ndi kawerengedwe ka ziwerengero pambali, ndipo akapemphe atachimenti ku khonsolo holide ikubwerayi ngakhale yosalipidwa. Bambo ake muwauze amuperekeze tsiku loyamba akaone okha.