Kodi mpweya wa kumtaya ungayendetse makina oyeretsa madzi a suweji?

FUNSO: Akonzi, ndamva kuti mizinda ina imapanga magetsi ndi mpweya wotuluka kumtaya wa zinyalala, n'kumayendetsera makina oyeretsa madzi a suweji. Ine ndikadutsa pafupi ndi mtaya ndimangoona utsi ndi ntchentche basi. Zimenezi n'zoona, kapena n'zongokometsa nkhani? — Wokayika

YANKHO: N'zoona ndithu, a Wokayika, koma osati pa mtaya ngati umene mukunenawo. Zinyalala zikakhala pamtetete, mpweya wake umangouluka. Pamafunika kuzitsendera ndi makina, n'kumazikwirira ndi dothi kuti mphepo isalowe. Pansi pamenepo mabakiteriya amadya zovunda, masamba ndi mapepala, n'kutulutsa gasi amene pafupifupi theka lake ndi methane, theka linalo carbon dioxide. Woyakayo ndi methane, ndipo alibe fungo. Kununkha ngati dzira lovunda kuja ndi hydrogen sulfide, amene amadya zitsulo.

Amaboola zitsime m'mulumo, n'kulowetsamo mapaipi obooledwa timabowo, kenako makina amayamwa gasiyo kuti akayendetse injini ya jenereta yopanga magetsi. Kuyamwako n'kwa luso. Mukakoka mwaphuma, mumalowetsa mphepo m'zinyalala, mabakiteriya aja n'kufooka, ndipo moto ukhoza kubuka pansi, wovuta kuzima.

Chifukwa chomwe ine ndimaonera kuti mtaya ndi suweji n'zoyenerana ndi ichi. Suweji sigona. Usana ndi usiku makina amakhala akupopera mpweya m'mathanki kuti tizilombo todya zonyansa tipume, ndipo m'malo ambiri ntchito imeneyi yokha imadya theka la magetsi onse a pamalo oyeretsera madziwo kapena kuposa. Gasi wa kumtaya nayenso sadikira dzuwa kapena mphepo, amangotuluka. Kutentha kwa injini ya jenereta sikutayidwanso: amafunditsira thanki yowoletsera matope a suweji, imene imafuna madigiri 35 mpaka 37, nayo n'kutulutsa gasi wakewake. Komanso methane akangothawira kumwamba amatenthetsa dziko kuwirikiza ka 28 poyerekeza ndi carbon dioxide, tikawerengera zaka 100. Kumuwotcha n'kwabwino ngakhale magetsiwo atakhala ochepa.

Koma amene amagulitsa maganizowa satchula kawirikawiri za litsiro la gasiyu. Amatuluka wonyowa, choncho amayamba amuumitsa. M'mabotolo a shampu ndi mafuta odzola amene timataya mumakhala mankhwala otchedwa siloxane. Akapsa mu injini amasiya chikhakha choyera, cholimba ngati mchenga wowuma, pamavalavu ndi pamapisitoni. Amakanika akatsegula injini yotere amachita kupala. Mzinda woumira pa zosefera gasi udzalipira pa sipeyala.

Mudziwenso kuti mtaya ukatsekedwa, gasi amachepa chaka ndi chaka, ngakhale amatulukabe kwa zaka makumi angapo. N'chifukwa chake sindingalangize aliyense kudula mawaya a magetsi wamba opita ku suweji. Tsiku limene injini ili pa sevisi gasi amangowotchedwa pachumuni, pomwe mathanki aja akufunabe mpweya.