Mafunso ndi Mayankho: Kodi ofufuza maganizo a anthu pa ndale amatumidwa ndi ndani?

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa ku Mufakose muno m'Harare, ndipo malemu bambo anga anachokera ku Dedza m'nthawi ya Chitaganya. Mwezi wathawu pakhomo panga panafika mtsikana atanyamula tabuleti, nandiuza kuti watumidwa ndi bungwe loima palokha lofufuza maganizo a anthu pa kayendetsedwe ka dziko. Tinayamba bwino, koma atafika pofunsa ngati ndimakhulupirira apolisi, makhoti ndi mtsogoleri wa dziko, mtima unandigunda, ndipo ndinanamizira mphika pamoto mpaka anatsanzika. Chitupa changa chinakhala zaka zambiri chitalembedwa ALIEN, kutanthauza kuti sindine nzika ya Zimbabwe. Kodi anthu amenewa ndi ayani, nanga ndinalakwa kumubweza?

YANKHO: Amayi, simunalakwe, pakuti kuyankha mafunso a kafukufuku n'kufuna kwa munthu mwini, ndipo wofufuza wophunzitsidwa bwino amanena zimenezi asanafunse funso loyamba. Mantha anuwo ali ndi gwero lake. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira m'dziko muno kwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anangodzidzimuka atachotsedwa m'kaundula wa ovota, ndipo zinatengera malamulo oyendetsera dziko a 2013 kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amenenso ankakhala muno pa nthawiyo, avomerezedwe kuti ndi nzika mwa kubadwa. Munthu amene anadutsa m'zimenezi sangatsegule pakamwa msanga kwa mlendo wofunsa za ndale.

Popeza simunatchule dzina la bungwelo, ndifotokoza za limene ntchito yake imadziwika kwambiri. Afrobarometer ndi bungwe la akatswiri a maphunziro a ndale lomwe linayamba mu 1999, silichita malonda, silili kumbali ya chipani chilichonse, ndipo likulu lake lili ku Accra m'dziko la Ghana. Analiyambitsa ndi a Emmanuel Gyimah-Boadi, a Michael Bratton ndi a Robert Mattes, ndipo kafukufuku wawo woyamba anachitika m'mayiko 12, kuphatikizapo Zimbabwe, Malawi ndi Zambia. Lero amafika m'mayiko oposa 30. Muno m'Harare ntchitoyi imagwiridwa ndi Mass Public Opinion Institute, yomwe anaiyambitsa malemu Pulofesa Masipula Sithole, pomwe kumudzi ku Malawi imagwiridwa ndi Centre for Social Research ya pa yunivesite ya Malawi ku Zomba. Ndalama zake zimachokera kwa opereka thandizo monga bungwe la boma la Sweden la Sida ndi Mo Ibrahim Foundation. Ndikutchula zimenezi mwadala, chifukwa funso lakuti ndalama zikuchokera kuti ndi loyenera kufunsa bungwe lililonse lodzitcha loima palokha, ndipo limene likubisa yankho ndiye lofunika kulikayikira.

Chimene chimavutitsa ambiri ndi chakuti, mwa nyumba zonse za mumzere mwathu, n'chifukwa chiyani agogoda pa yanga? Apa ndichedwepo pang'ono. Inu amayi mukamaphika ndiwo za pa maliro mumphika waukulu simumwa msuzi wonse kuti mudziwe ngati mchere wakwana. Mumatakasa bwinobwino, n'kulawa kachipande kamodzi. Ofufuza nawonso safunsa dziko lonse, koma anthu 1,200 kapena 2,400 a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo kutakasa kwawo ndi mayere. Madera amasankhidwa mwa mayere kuchokera pa mapu a kalembera wa anthu, m'dera lililonse amafunsamo anthu asanu ndi atatu okha, wofufuza amayamba pamalo posankhidwa n'kumawerenga nyumba modumphadumpha monga anamulangizira, ndipo akalowa m'nyumba amachitanso mayere pakati pa akuluakulu a m'banjamo, akumasinthanitsa mwamuna ndi mkazi. Motero mtsikanayo sanabwere ndi dzina lanu papepala, ndiponso sakanaloledwa kukusiyani n'kufunsa mnansi wanu chabe chifukwa ndi wokonda kuyankhula. Mphika ukatakasidwa chotere, mayankho a anthu 1,200 nthawi zambiri sasiyana ndi maganizo a dziko lonse kupitirira magawo pafupifupi 3 pa 100 alionse.

Zotsatira zimatuluka ngati ziwerengero, osati ngati mawu a mayi wakutiwakuti wa ku Mufakose, ndipo aliyense angathe kuziona ulere pa intaneti. Chisankho cha ku Malawi cha 2014 chisanachitike, kafukufukuyu anasonyeza kuti a Peter Mutharika ali patsogolo ngakhale a Joyce Banda ndiwo anali pampando, ndipo a Mutharika anapambanadi. Kuno mu 2018, patatsala masabata ochepa kuti anthu akavote pa 30 July, anapeza kuti anthu 40 pa 100 alionse akufuna a Emmerson Mnangagwa ndipo 37 akufuna a Nelson Chamisa, koma pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse sanaulule kumene mtima wake unali. Anthu osaululawo ndi amene amandikhudza kwambiri, chifukwa ambiri mwa iwo ali ngati inuyo. Ofufuza eni ake amalidziwa vutoli, n'chifukwa chake kumapeto amafunsa woyankhayo kuti akuganiza kuti awatuma ndani, ndipo si ochepa amene amayankha kuti ndi boma.

Maganizo anga ndi akuti ife a Chichewa muno m'Harare tataya zambiri pokhala chete. Mafunso ambiri sakhudza n'komwe zipani: amafunsa kuti m'chaka chathachi mwakhala kangati opanda chakudya chokwanira, madzi aukhondo, mankhwala kapena ndalama, komanso ngati kupeza chitupa kunali kovuta kapena munapereka chiphuphu. Ndani angayankhe za chitupa kuposa mayi amene anaima pamzere kuyambira mbandakucha kuti asinthitse cholembedwa ALIEN? Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mabanja a ku Mbare, Epworth ndi Dzivaresekwa akamabweza ofufuza, ziwerengero zimene aphungu, atolankhani ndi mabungwe amagwiritsa ntchito zimatuluka zopanda zowawa zathu.

Komabe si aliyense wonyamula tabuleti amene ali wofufuza weniweni, makamaka chisankho chikayandikira. Wina akadzabweranso, mupempheni chitupa chake cha ntchito ndi kalata ya bungwe lomutuma, ndipo mwana wanu aimbe foni ku ofesi yawo musanayambe kuyankha. Wofufuza woona sapempha nambala ya chitupa chanu, safuna kuona khadi la chipani, salonjeza ufa kapena feteleza, ndipo sakuuzani woti mumuvotere. Khalani naye poduka mphepo, pomwe anansi sangamve. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a 2013, choncho musachite manyazi kufunsa ngati pali wochidziwa, ngakhale kuti kuno mafunsowa amakonzedwa makamaka m'Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Funso la apolisi lija likadzakulemeraninso, nenani kuti limenelo simuyankha, ndipo iye adzapita pa lotsatira.