Injini yokana kulira m'mawa: sikuluwu za kabuleta zisiyeni kaye

Achimwene, mwati injini yanu ya boti ndi ya 15 HP, ya two-stroke, mtundu uja wosakaniza oilo ndi petulo. M'mawa mumakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, ikalira imafuna choke, mukangobweza choke imatsokomola n'kuzima, koma ikatentha imathamanga bwinobwino pamadzi. Mapulagi mwasintha, palibe chasintha. Ndaona ena akukuuzani kuti mupotokole sikuluwu za kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ena akuti muwonjezere oilo m'petulo. Zonse ziwirizo musachite.

Ntchito ya choke ndi kutsekereza mpweya kuti petulo achuluke mu msakanizo wolowa mu silinda. Ndiye ngati injini ikulira pokhapokha choke ili yokoka, ikukuuzani yokha kuti petulo akufika wochepa, kapena mpweya ukuba njira n'kulowera posayenera. Mapulagi apa alibe mlandu. Oilo wowonjezera ndiye amangokulitsa vuto, chifukwa oilo akachuluka, petulo wodutsa pa jeti, kabowo ka petulo m'kabuleta, amachepa, utsi n'kuchuluka, pulagi n'kuda. Injini zambiri zosakaniza m'thanki zimafuna 50:1, kutanthauza oilo 100 ml pa malita 5 a petulo, ndipo akhale wa TC-W3, wopangidwira injini zapamadzi. Zina zimafuna 100:1, choncho onani buku la injini yanu.

Yambirani kuthanki, muzilowera kuinjini. Pa chitsekero cha thanki pali kasikuluwu kolowetsa mpweya; kakakhala komanga, thanki imadzikoka mkati ndipo petulo satuluka. Kenako kampira kopopera kali pa payipi kaja. Muvi wake uloze kuinjini. Kaimikeni muviwo uyang'ane kumwamba, finyani mpaka kalimbe. Kakakana kulimba, kapena kakalimba n'kufewanso msanga, pali pomwe mpweya ukulowera: payipi yong'aluka pafupi ndi zomangira, kamphira ka pa cholumikizira katha, kapena mavavu a m'kampiramo afa. Payipi yotero nthawi zambiri sidontha n'komwe, imangoyamwa mpweya, petulo n'kubwerera m'thanki usiku. N'chifukwa chake vutolo limaoneka m'mawa.

Petulo amene muli nayeyo musamukhulupirire musanamuone ndi maso. Poperani pang'ono wa pansi pa thanki m'botolo lagalasi loyera, muliike pansi kwa mphindi zingapo. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye akakhalamo mudzaona timadontho tikugudubuzika pansi, kapena mzere wolekanitsa ziwirizo. Thanki yosadzaza imachita thukuta mkati usiku kukazizira, ndipo kapayipi kokoka mafuta kamatunga pansi penipeni, pomwe madziwo agona. Petulo wosakaniza ndi ethanol ndiye amayamwanso chinyezi. Winanso ndi petulo wokhalitsa. Mbali yake yopepuka, yomwe imagwira moto msanga, ndi imene imayamba kuuluka, pomwe injini yozizira imadalira yomweyo. Akamanunkha ngati vanishi, wapita ameneyo. Njira yachidule: bwerekani thanki ya mnzanu ndi payipi yake yomwe, muli petulo watsopano, mulize nayo m'mawa. Ikalira bwino, injini yanu ilibe vuto. Fyuluta ya pa injini muitsegulenso, muone zomwe yasunga.

Zonsezi zikakhala bwino, ine ndalama yanga ndikuiika pa pilot jet. Kabuleta ili ndi njira ziwiri za petulo. Jeti yaikulu imagwira ntchito mukathira moto. Yaing'ono, pilot jet, ndi imene imadyetsa injini polira ndi pa idling, pomwe ikungolira osathira moto, ndipo kabowo kake n'kochepa kuposa ka singano. Petulo akaumira m'kabakuli ka kabuleta amasiya utomoni, ndipo koyamba kutsekeka ndi kabowo kameneka. Ndiye mwaona chifukwa chake injini yanu imathamanga bwino koma imazima mukabweza choke? Jeti yaikulu ili bwino, yaing'onoyo ndi yotseka.

Musanamasule kabuleta, tsegulani sikuluwu yokhetsera pansi pa kabakuliko, mulandirire zotuluka pa kansalu koyera. Mchenga, dzimbiri kapena madzi zidzaonekera pomwepo. Pomasula, ijambuleni kaye pafoni. Sikuluwu ya pilot, yoyezera msakanizo wa pa idling, musangoizula: imangeni pang'onopang'ono mpaka ingokhudza, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, lembani, kenako muitulutse. Mukaimanga mwamphamvu nsonga yake imapindika. Jeti itulutseni, muipopere carb cleaner, mankhwala otsukira kabuleta, muiuzire mpweya wa kompuresa, muiyang'ane padzuwa. Kuwala kuoneke kozungulira bwino. Waya wachitsulo ayi. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, mukakulitsa bowo mwaiononga. Ambiri amatsuka kabakuli kokha n'kuona kakuwala, n'kumanga, njira za mkati mwa kabuleta zili chitsekere. Poperani mpaka mankhwalawo atulukire pa timabowo ta pafupi ndi chitseko cha throttle, chomwe chimatseguka mukathira moto.

Pali mayeso ena osavuta. Injini ikayamba kufooka, finyani kampira kaja. Ikadzuka, ndiye kuti pampu ya mafuta yatopa kapena mpweya ukulowa m'payipi. Diaphragm, kamphira kopyapyala ka m'pampuyo, ikabooka imathanso kukhuthulira petulo mu silinda imodzi. Mudzapeza pulagi imodzi yonyowa, inzake youma. Mapulagi onse akanyowa n'kumanunkha petulo, nkhani yatembenuka, injini yamwa mopitirira. Mwina singano ya float, yotseka petulo kabakuli kakadzaza, sikutseka, mwina mumakoka chingwe kambirimbiri choke ili chikokere. Choke ndi ya kukoka kuwiri kapena kutatu; injini ikangoti "phu", ibwezeni.

Mukatsuka kabuleta koma osasintha, pitani kwa makaniko akayeze kompuresheni, mphamvu yomwe silinda imapanikizira mpweya. Masilinda awiriwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Maring'i otha amavutitsa injini ikazizira chifukwa zitsulo zimakhala zisanafufume, ndipo ma seal a crankshaft, timphira totseka pa mtanda wozungulira wa injini, akatha amalowetsa mpweya, zizindikiro zake n'kufanana ndi za jeti yotseka. Ngati yanu ili ndi thermostat, kavavu kolamulira madzi oziziritsa injini, aionenso. Ikakakamira chotsegula injini sitentha mokwanira ndipo idling imakhala yodumphadumpha.

Poyesa zonsezi, mwendo wa injini ukhale m'madzi, ngakhale a m'mgolo, kufika pamwamba pa timabowo tokoka madzi, mpaka kumiza chitsulo chafulati chili pamwamba pa propela. Impeller, kamphira kopopa madzi oziziritsa injini, ikazungulira pouma imapsa m'masekondi ochepa chabe. Mankhwala opopera olizira injini musawazolowere pa two-stroke, mulibe oilo wokwanira mmenemo. Fodya akhale kutali pokhetsa petulo.

Mawa m'mawa yesani thanki yobwereka ija musanakhudze china chilichonse. Mutitumizire chithunzi cha nsonga za mapulagi onse awiri ndi cha zomwe zatuluka pa kansalu, tione potsatira.