Kodi Willy Loman anali chitsiru?

Mlongo wina wophunzitsa ku sekondale wanditumizira imelo atawerenga sewero la Arthur Miller lotchedwa Death of a Salesman. Wakwiya naye Willy Loman, bambo amene nkhani ya seweroli yagona pa iye. Akufunsa kuti: "Bamboyu anakaniranji ntchito imene mnansi wake Charley ankamupatsa, n'kusankha kudzipha? Si uchitsiru umenewu?"

Ayi mlongo wanga, uchitsiru sindikuuonapo. Ndikuona munthu amene anakhulupirira ndi mtima wonse zimene dziko lake linamulonjeza.

Seweroli linaonetsedwa ku New York mu 1949, nthawi imene ku America ankalalikira kuti wolimbikira aliyense adzalemera. Willy ndi wazaka 63, ndipo wayenda ndi malonda a kampani imodzi kwa zaka zoposa 30. Kampaniyo inamudulira malipiro, akungodalira komishoni. Sabata iliyonse amabwereka madola 50 kwa Charley, n'kukauza mkazi wake Linda kuti ndi zimene wapata. Kenako Howard, mwana wa bwana wake wakale, akumuchotsa ntchito.

Ngongole ya kwa Charley, Willy amalandira chifukwa amadzinamiza kuti adzabweza. Ntchito ya kwa Charley sangalandire, poti kutero n'kuvomera kuti Charley, amene iye ankamuderera, ndiye anayenda njira yolondola. Willy analera ana ake powauza kuti munthu wokondedwa ndi anthu sasauka. Akataya chiphunzitso chimenechi watsala ndi chiyani? Kwa iye dzina lake ndi malonda ake zinali chinthu chimodzi.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti bamboyu anali ndi luso lenileni m'manja. Ankadziwa kupala matabwa ndi kuponda simenti, anakonza yekha denga la m'nyumba mwake, ndipo pa ntchito zoterezi ankasangalala. Koma ankaziona ngati zonyozeka, maso ali pa mkulu wake Ben amene analemera ndi miyala ya dayamondi ku Africa. Mapeto ake anadziyika pa mtengo: madola 20,000 a inshulansi, oti mwana wake wamkulu Biff ayambire bizinesi. Anawerengetsera n'kupeza kuti akhala waphindu atafa kusiyana ndi ali moyo.

Biff yekha ndiye anatsegula maso. Pamanda ananena kuti bambo ake sankadzidziwa, ndipo iye anali atavomera kale kuti mtima wake uli pa ntchito za kufamu.

Mukamaphunzitsa, mlongo, musamudumphe Happy, mwana wamng'ono wa Willy. Waona zonsezi, waona kuti pamaliro pabwera anthu ochepa, koma pamanda pomwepo akulumbira kuti apitiriza loto la bambo ake. Ameneyo ndiye amandiopsa, ndipo ndikanakonda ana anu akambirane chimene chamutseka maso.