Yankho kwa amayi amene afunsa za diripi ya ma exosome ndi kutopa kosatha pambuyo pa Covid-19

Amayi, ndawerenga funso lanu. Mwanena kuti munadwala Covid-19 mu Julayi 2021, nthawi imene mtundu wa Delta unavuta kuno ku Gauteng, ndipo mpaka lero mumatopa msanga, mtima umathamanga mukakwera masitepe, komanso mumaiwalaiwala zinthu kuntchito. Mwanenanso kuti wina wakulozerani malo ena kuno ku Joni kumene amaika diripi ya ma exosome pa mtengo wofanana ndi malipiro anu a miyezi iwiri, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'zoona kuti zinthu zimenezi n'zimene zikukudwalitsani ndiponso kuti n'zimene zingakuchizeni. Ine ndimagwira ntchito mu labotale yoyeza magazi, si dokotala ayi, koma nkhaniyi ndimaitsatira, ndipo maganizo anga ndi akuti ndalama zanuzo musapereke.

Ma exosome alipodi, si zopeka za amalonda. Iwo ndi gulu limodzi la timatumba ting'onoting'ono timene akatswiri amatitchula kuti extracellular vesicles, kutanthauza timatumba totuluka kunja kwa selo. Pafupifupi selo lililonse la m'thupi limatulutsa timatumba timeneti, tokutidwa ndi kachikopa ka mafuta, ndipo m'kati mwake mumakhala mapuloteni ndi tizidutswa ta RNA (uthenga umene selo limatsatira popanga mapuloteni) tochokera mu selo limene latitulutsalo. Ma exosome kukula kwake kumayambira pa mananomita 30 kufika pa 150, moti mutandandalika 10,000 a msinkhu wapakati, mzere wake ungangokwana milimita imodzi. Timapezeka m'magazi, m'malovu, m'mkodzo ndi m'mkaka wa m'mawere. Poyamba anthu ankatiyesa zinyalala chabe, ndipo Peter Wolf wa ku Birmingham, amene anatiwona m'magazi mu 1967, anatitcha fumbi. Dzina lakuti exosome analigwiritsa ntchito pa timatumbati ndi Rose Johnstone wa ku Montreal mu 1987, pofufuza mmene maselo ofiira a magazi a nkhosa amatayira zinthu zimene sakuzifunanso akamakhwima. Maganizo anasintha kwambiri mu 2007, pamene gulu la Jan Lötvall ku Gothenburg linasonyeza kuti RNA ya m'timatumbati imatha kulowa mu selo lina n'kukagwira ntchito kumeneko. Ife amene timatumiza katundu kumudzi tingaimve mosavuta nkhaniyi. Chikwama chimene mwapereka kwa transipota chimanyamula zimene zinali m'nyumba mwanu, chimakafika pakhomo lina kutali, ndipo chimasintha zimene anthu a pakhomopo adye ndi kuvala. Wochitsegula panjira angadziwenso mmene wotumizayo akukhalira.

Apa m'pamene nkhaniyi ikukumana ndi Covid-19. Selo limene lagwidwa ndi kachilombo limapitiriza kutulutsa timatumba, koma tsopano katundu wake amakhala wina. Ofufuza a ku Sweden anapeza mu 2021 kuti odwala Covid-19 ogonekedwa m'chipatala anali ndi timatumba tambiri tonyamula puloteni yotchedwa tissue factor, imene imayambitsa kuundana kwa magazi, ndipo tinkachuluka kwambiri mwa amene matenda anawakula. Komabe si timatumba tonse timene timawononga. Kachilomboka kamalowa mu selo pogwira puloteni yotchedwa ACE2, ndipo mu 2022 ofufuza a ku Northwestern University anasonyeza kuti m'magazi a odwala mumayenda timatumba tokhala ndi ACE2 pamwamba pake, timene kachilombo kamatigwira poganiza kuti kapeza selo, n'kukodwa pomwepo ngati mbewa yotsata nyambo.

Za matenda okhalitsa ngati anuwa, bungwe la WHO linafotokoza mu Okutobala 2021 kuti ndi zizindikiro zimene zimakhalapo patapita miyezi itatu chiyambire kudwala, zimapitirira kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo, ndipo palibe matenda ena amene angazifotokoze. Funso limene likuvutitsa akatswiri n'lakuti n'chifukwa chiyani munthu akudwalabe pamene kachilombo sikakupezekanso m'mphuno. Ganizo limodzi lamphamvu n'lakuti zidutswa za kachilomboka, kapena kachilombo kenikeniko, zimatsalira m'malo obisika monga m'matumbo, ndipo chitetezo cha m'thupi chimangokhalira kulimbana nazo osapuma. Mu 2022 ofufuza a ku Boston anapeza spike, puloteni ya pamwamba pa kachilomboka, m'magazi a ena mwa odwala oterewa mpaka miyezi 12 chidwalireni. Chaka chomwecho gulu la ku San Francisco linapeza mapuloteni a kachilomboka m'timatumba tochokera ku maselo a mitsempha ya ubongo, zimene zinachititsa chidwi chifukwa cha kuiwalaiwala kumene ambiri amadandaula. Mu 2025 kafukufuku wina wa ku America anapeza m'timatumbati zidutswa za puloteni imene kachilombo kamagwiritsa ntchito pochulukana, koma odwala amene anayezedwa anali 14 okha, ndipo zidutswazo sizinkapezeka nthawi iliyonse imene munthu yemweyo watengedwa magazi.

Nambala imeneyi ya 14 muisunge, chifukwa ikusonyeza pamene sayansi yafika. Kupeza chinthu m'chikwama sikutsimikizira kuti chinthucho n'chimene chadwalitsa wolandira. Mwina chikungosonyeza kuti kwinakwake m'thupi muli vuto. Palinso vuto la ntchito yeniyeniyo, limene ife a mu labotale timalidziwa bwino. Makina athu opukusa magazi amalekanitsa madzi a magazi ndi maselo pa mphindi zochepa, koma kuti mupatule ma exosome pamafunika makina amphamvu kwambiri oyenda kwa maola, ndipo ngakhale mutatero mumatola pamodzi timatumbato ndi tizinthu tina ta mafuta ta m'magazi. Kachilombo ka corona nakonso kukula kwake n'kwa mananomita pafupifupi 100, kofanana ndi timatumbati. Kufanana kumeneku n'kumene kunapatsa mpata mphekesera ya mu 2020 yakuti kachilombo kulibe koma ndi ma exosome basi, zimene si zoona, pakuti kachilomboka kali ndi chibadwa chakechake chimene chinawerengedwa chonse mu Januwale 2020, ndipo ndi kuwerenga komweko kumene kunathandiza akatswiri a kuno kuzindikira mtundu wa Beta mu 2020 ndi wa Omicron mu Novembala 2021. Pakadali pano palibe njira yovomerezeka yoyezera ma exosome imene ingauze munthu kuti ali ndi Covid-19 wokhalitsa.

Za diripiyo, ma exosome amene amagulitsidwa sachokera m'thupi lanu. Nthawi zambiri amati amawatenga ku maselo oleredwa mu labotale, ochokera ku mchombo wa khanda kapena ku nsengwa. Akuyesedwadi m'makafukufuku, koma bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza mu Disembala 2019 kuti silinavomereze mankhwala alionse a ma exosome, ndipo chenjezolo linabwera anthu ena ku Nebraska atadwala kwambiri atalandira zinthu zoterezi. Chinthu cholowa mu mtsempha chikakhala ndi mabakiteriya, chimafika m'thupi lonse nthawi yomweyo. Musamalenso ndi mankhwala osungunula magazi. Pulofesa Resia Pretorius wa ku Stellenbosch University anafalitsa mu 2021 zimene anapeza zokhudza timibulu ta magazi oundana mwa odwala oterewa, ndipo ntchito yake ikukambidwa padziko lonse, koma kumwa mankhwala amenewa popanda dokotala kungachititse munthu kutaya magazi m'mimba kapena mu ubongo.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti mupite ku kiliniki ya boma ya dera lanu mukayezetse matenda amene amafanana ndi zimene mukumvazi koma ali ndi mankhwala. Kuno ku South Africa TB ndi yoyamba kuiganizira, makamaka ngati mukutsika sikelo kapena kutuluka thukuta usiku. Mukayezetsenso kuchepa kwa magazi, shuga, chithokomiro, HIV ndi BP, ndipo muwapemphe akuyezeni kugunda kwa mtima mutagona kenako mutaimirira, chifukwa mwa odwala ena mtima umathamanga mopitirira akangoima. Musanapite, lembani m'kope kwa milungu iwiri zimene mwagwira tsiku lililonse ndi mmene mwadzukira mawa lake. Ngati mukuona kuti tsiku lochapa ndi kusita limakugonetsani masiku awiri otsatira, muwauze zimenezo momveka, pakuti munthu wotere safunika kuumirizidwa masewero olimbitsa thupi koma kugawa ntchito pang'onopang'ono n'kumapuma asanatheretu mphamvu. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika mutangokhala, kapena mwendo umodzi ukatupa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati a diripiwo akukuimbiranibe foni, afunseni nambala imene mankhwala awowo analembetsera ku SAHPRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko lino, ndipo muwapemphe akulembereni papepala kuti ma exosome awowo anachokera ku maselo ati ndiponso anayezedwa kuti.