Mota ikuthetheka moto, kodi yapsa?

FUNSO: Akulu, malume anga anandisiyira kathirakitala ka magetsi, Elec-Trak E15, komwe ndimatchetchera kapinga ndi kukokera ngolo ya manyowa. Masiku ano kakafika pachitunda kamafooka, mumota mukuthetheka moto, ndipo pakumveka fungo la kupserera. Makaniko wina akuti mota yapsa, ndikakulungitse mawaya atsopano. Nditero?

YANKHO: Dikirani kaye bambo, ndalamayo isatuluke m'thumba. Mathirakitala amenewa anapangidwa ndi General Electric kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mota zake n'zolimba. Chimene chimatha msanga ndi mabulashi, timakala tija timene timakhuza pa komyuteta, gawo lozungulira la m'kati mwa mota lokhala ndi timapale ta kopa.

Koma yambani ndi mabatire. Kathirakitala kanu kamayendera mavolti 36, kuchokera ku mabatire 6 a mavolti 6 lililonse. Batire lodzaza bwino limawerenga pafupifupi 6.3. Muwayeze limodzilimodzi kathirakitala kakukoka katundu, chifukwa batire lakufa limanama likangokhala. Limodzi lokha lofooka limagwetsa onse. Ndinatayapo tsiku lathunthu ndikumasula mota yabwinobwino, kenako n'kupeza kuti vuto linali theminolo imodzi, pomangira waya pa batire, yomera zoyera ngati ufa. Manyazi ake sindinawaiwale.

Mabatire akakhala bwino, chotsani waya wamkulu wa kumabatire, vulani mphete ndi wotchi, ndiye mutsegule mota. Musanamasule, lembani kamzera pachivundikiro ndi pathupi la mota kuti pobwezera zikakumane momwe zinalili. Mabulashi akakhala pamalo olakwika, kuthetheka sikutha.

Tsopano yang'anitsitsani. Bulashi liyenera kuyenda momasuka m'kanyumba kake, sipuling'i ikulikankha mwamphamvu. Likafupika kufika theka, kapena likamata chifukwa cha fumbi, limangodumphadumpha, ndipo moto mukuonawo ndi umenewo. Sinthani onse nthawi imodzi, osati limodzi. Fumbi lakudalo lichotseni ndi mpweya, musalipume.

Komyuteta yabwino imaoneka yofiirira mofanana kuzungulira konse, ndipo mtundu umenewo musaupale, ndi wofunika. Ikakhala yakuda ndi yokhakhala, ipukuteni ndi sandipepa wosalala. Nsalu ya emery, yopalira zitsulo ija, ayi, timchenga take timadutsa magetsi ndipo tingalumikize timapale ta kopa tija. Timipata tapakati pa timapaleto mutikolokose mosamala ndi kachitsulo kopyapyala. Mukamva ndi chikhadabo kuti pali mizere yakuya, ipititseni kwa odziwa kusema zitsulo pamakina akaisalaze.

Zungulitsaninso shafuti, chitsulo chapakati pa mota chimene chimazungulira, ndi dzanja. Ikamachita gwedegwede kapena kulira ngati muli mchenga, mabering'i atha. Nambala yake imalembedwa pambali, ndipo sabvuta kupeza. Girizi asafike pa komyuteta.

Chenjezo limodzi: mota yoyendetsa matayala ili ndi mawaya ang'onoang'ono opita kumakoilo opanga maginito. Musaiyatse amenewo ali osalumikiza, imatha kuthamanga mopenga kapena kukoka magetsi ochuluka n'kupsadi.

Nanga makaniko uja angakhale akunena zoona? N'kutheka. Mukapeza mawaya a mkati atada bii, vanishi wake akuyoyoka, timapale tiwiri tokha ta komyuteta titapsa pomwe tinzake tili bwino, kapena mita yoyezera magetsi ikuonetsa kuti magetsi akudutsa kuchoka pa komyuteta kupita pashafuti, pamenepo mpatseni motayo akakulunge.